Kalata kwa Achimwene: Za Magetsi a m'Mutu mwa Mwana Wathu

Achimwene,

Kalata yanu yandipeza, ndipo ndaiwerenga kawiri ndisanakhale pansi kuti ndiyankhe. Pepani kwambiri, inu ndi alamu. Kuona mwana wako atagwa, thupi lili gwaa, manja ndi miyendo zikugwedezeka, iwe osadziwa pogwira, ndi chinthu chomwe sindingafunire kholo lililonse. Munachita bwino kuthamangira naye kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mtima wanga wakhalako pansi pomva kuti mtsikana wathu wayamba kumwa mankhwala.

Kumapeto kwa kalata yanu mwandifunsa mafunso awiri. Mwati adokotala anakuuzani kuti khunyu limabwera magetsi a mu ubongo akasokonekera, ndiye mukufuna kudziwa ngati m'mutu mwa munthu mulidi magetsi. Kenako mwati, ngati vuto lili la magetsi, kapiritsi kakang'ono kangalikonze bwanji? Ndaona kuti funso lachiwirili ndi limene likukusowetsani tulo, chifukwa munthu sapereka mankhwala kwa mwana wake ndi mtima wonse ngati sakukhulupirira kuti agwira ntchito. Za mlingo wa mankhwala ndi nthawi yomwera mverani adokotala omwe akumuona. Koma za momwe uthenga umayendera m'thupi ndaziphunzitsa kwa zaka zambiri, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni bwinobwino, ngati tili pamodzi.

Ndiyambe ndi mawu oti mtsempha, chifukwa ifeyo timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri. Pali mitsempha ya magazi, yomwe ndi timapaipi, ndipo pali mitsempha ya uthenga, yomwe ilibe mphako yodutsa madzi. Ine ndikunena yachiwiriyi. Mukautenga mtsempha wotere n'kuuyang'ana pa makina okuzira zinthu, mupeza kuti ndi mtolo wa tizingwe tambirimbiri, ndipo kachingwe kalikonse ndi mchira wa selo imodzi yotchedwa nyuroni. Mu ubongo wa munthu muli manyuroni pafupifupi 86 biliyoni. Nyuroni imaoneka ngati mtengo: kumutu kuli nthambi zambiri zolandirira uthenga, zotchedwa dendrite, pakati pali thupi la seloyo, ndipo kuchokera pamenepo pamatuluka kachingwe kamodzi kakatali kotumizira uthenga, kotchedwa axon. Tizingwe tina ndi tatifupi zedi, koma komwe kamachokera kumunsi kwa msana kukafika ku chala chachikulu cha kuphazi kamatalika pafupifupi mita imodzi. Selo imodzi, achimwene, kutalika mita.

Tsopano magetsi. Alimodi, koma si ofanana ndi a mu waya wa kopa. Magetsi a m'thupi ndi mchere womwe ukusuntha. Selo iliyonse ili ndi madzi mkati, yazunguliridwa ndi madzi kunja, ndipo pakati pa madzi awiriwa pali kakhungu kopyapyala ka mafuta. M'madzi onsewo mwasungunuka mchere. Mchere ukasungunuka umagawanika kukhala tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi, tina ta pozitivi, tina ta negativi, monga mbali ziwiri za batire. Tofunika kwambiri pa nkhani yathu ndi sodiyamu ndi potaziyamu, tonse ta pozitivi. Kunja kwa nyuroni kuli sodiyamu wambiri, mkati muli potaziyamu wambiri. Kusiyanaku sikuchitika kokha. Pa kakhungu kaja pali timapampu tomwe timagwira ntchito usana ndi usiku: kapampu kalikonse kakazungulira kamodzi kamatulutsa tizidutswa 3 ta sodiyamu n'kulowetsa 2 ta potaziyamu. Anatulukira kapampuka ndi Jens Skou wa ku Denmark mu 1957. Timapampu timeneti timadya mphamvu kwambiri, ndipo ndi chimodzi mwa zifukwa zomwe ubongo, womwe kulemera kwake ndi pafupifupi 2 peresenti chabe ya thupi, umagwiritsira ntchito pafupifupi 20 peresenti ya mphamvu zonse za thupi munthu akamapuma.

Potaziyamu wina amatha kudontha kutuluka kudzera m'timabowo tomwe timakhala totsegula, pomwe sodiyamu amapeza zitseko zake zili zotseka. Zotsatira zake n'zakuti mkati mwa nyuroni yomwe ili phee mumakhala negativi poyerekeza ndi kunja, pafupifupi mamilivolti (muyeso wa mphamvu ya magetsi) 70 pansi pa ziro. Batire wa tochi ali ndi mamilivolti 1,500, choncho nyuroni ndi kabatire kakang'ono, kochepera kuposa ka 20. Koma ndi batire weniweni, wotchajidwa, wodikira. Sodiyamu uja ali kunja ali ngati madzi omwe atchingidwa ndi damu: akufunitsitsa kulowa, chomwe chikumuletsa ndi chitseko basi.

Uthenga ukafika n'kukankha mphamvu ya mkati kuchoka pa 70 pansi pa ziro kufika cha pa 55, tizitseko ta sodiyamu timatseguka mwadzidzidzi. Sodiyamu amakhamukira mkati, ndipo pamalo pamenepo mkati mumasanduka pozitivi, kufika mamilivolti 30 kapena 40 pamwamba pa ziro. Nthawi yomweyo tizitseko ta sodiyamu timadzitsekera tokha, ta potaziyamu timatseguka, potaziyamu amatuluka, ndipo mkati mumabwerera ku negativi. Zonsezi zimatha m'kanthawi ka gawo limodzi kapena awiri mwa magawo 1,000 a sekondi. Kuthwanima kumeneku ndiko adokotala akutcha magetsi.

Nanga kumayenda bwanji kuchoka kumutu kwa kachingwe kukafika kumchira? Ganizirani moto pa udzu wouma. Palibe lawi limodzi lomwe limathamanga kuchoka kuno kukafika uko. Udzu woyaka umayatsa woyandikana nawo, nawonso n'kuyatsa wotsatira. Sodiyamu akalowa pamalo amodzi amakankha malo oyandikana nawo kufika pa 55 paja, zitseko za pamenepo n'kutseguka, n'kumapitirira choncho. N'chifukwa chake uthengawu sufooka panjira: umabadwanso mwatsopano pa sitepe iliyonse. Ndipo monga moto subwerera pa lupsa, uthenga subwerera m'mbuyo, chifukwa tizitseko tomwe tangotseguka kumene timakhala tokhomeka kwa kanthawi, osatheka kutsegukanso mpaka titapumula. Kupumula kwa tizitsekoku mukusunge m'mutu, ndikubwererako, chifukwa ndi pomwe pagona yankho lanu.

Chinanso n'chakuti kuthwanimaku kulibe kwakukulu kapena kwakung'ono. Nyuroni imayaka kapena siyaka. Ndiye thupi limasiyanitsa bwanji kukhudzidwa pang'ono ndi kutsinidwa? Limawerenga kuchuluka kwa kuthwanima pa sekondi, ngati ng'oma yomwe kulira kwake n'kumodzi koma woimba amatha kuiimba mwapang'onopang'ono kapena mofulumiza. Kukhudza pang'ono, kuthwanima kowerengeka. Kutsina, kuthwanima kotsatizana.

Zimenezi anthu sanazidziwe tsiku limodzi. Luigi Galvani wa ku Bologna, ku Italy, anafalitsa mu 1791 zomwe anaona, kuti mwendo wa chule wakufa umadumpha magetsi akakhudza mtsempha wake. Mu 1850 Hermann von Helmholtz anayeza liwiro la uthenga mu mtsempha wa chule n'kupeza pafupifupi mamita 30 pa sekondi, liwiro lochepa kwambiri poyerekeza ndi magetsi a mu waya, zomwe zinaonetsa kuti pali china chosiyana chomwe chikuchitika. Omwe anamasula mfundoyo ndi Alan Hodgkin ndi Andrew Huxley. Iwo anagwiritsa ntchito nyama ya m'nyanja yotchedwa squid, yomwe ili ndi kachingwe konenepa mpaka kufika milimita imodzi, kotheka kulowetsamo kawaya koyezera. Anayamba ku Plymouth, ku England, mu 1939, nkhondo inawadukiza, ndipo anamaliza kufalitsa zotsatira zawo mu 1952. Ndikamaphunzitsa gawo limeneli ndimakhudzidwa nthawi zonse: zomwe zikuthandiza mwana wathu lero zinayambira pa anthu awiri omwe anali ndi chidwi ndi mtsempha wa nyama yomwe ambiri sitinaionepo.

Za liwiro ndingonena mwachidule. Tizingwe tina takutidwa ndi mafuta otchedwa myelin, monga pulasitiki wokuta waya, koma mosiya timipata apo ndi apo. Uthenga umadumpha kuchoka pa kampata kena kufika pa kena, ndipo umatha kuthamanga mpaka mamita 120 pa sekondi. Pa tizingwe topanda chokutira uthenga umayenda pafupifupi mita imodzi pa sekondi. Mukapunthwa chala pamwala mumamva ululu kawiri, woyamba wakuthwa, kenako wina wonyeketsa womwe umabwera pambuyo. Ndi mauthenga awiri omwe ananyamuka limodzi koma pa misewu yosiyana.

Tsopano tafika pomwe ndimapakonda kwambiri. Uthenga wafika kumchira kwa kachingwe, ndipo patsogolo pali nyuroni ina. Kale akatswiri ambiri ankaganiza kuti mitsempha yonse ndi yolumikizana ngati ukonde umodzi. Santiago Ramón y Cajal wa ku Spain, yemwe ankajambula pamanja zomwe ankaona pa makina okuzira zinthu, anaumirira kuti nyuroni iliyonse ndi payokha, ndipo anali kulondola. Analandira mphoto ya Nobel mu 1906 limodzi ndi Camillo Golgi, mwini njira yopakira utoto maselo yomwe Cajal ankagwiritsa ntchito, ngakhale kuti Golgiyo sankagwirizana naye pa mfundoyi. Pakati pa nyuroni ndi inzake pali kampata, ndipo malo okumanirawo Charles Sherrington anawatcha synapse mu 1897. Kampatako ndi kochepa kosaneneka, mananomita 20 mpaka 40, ndipo milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000. Komabe moto wa pa udzu uja ukafika pamenepa wafika pamtsinje. Suoloka.

Chomwe chimaoloka ndi mankhwala. Inde, achimwene, thupi limapanga mankhwala akeake onyamula uthenga. Kumchira kwa kachingwe kuli timatumba todzaza ndi mankhwalawa. Kuthwanima kukafika, zitseko za mchere wina, kashiyamu, zimatseguka. Kashiyamu akalowa, timatumba timakakamira ku kakhungu n'kukhuthulira zamkati mwake m'kampata muja. Mankhwalawo amaoloka ngati bwato, n'kukakocheza tsidya linalo pa timalo tolandirira tomwe timangovomera mankhwala a mtundu wake, monga loko ndi kiyi wake. Kiyi akalowa, chitseko cha mchere chimatseguka pa nyuroni yachiwiri, ndipo uthenga wasandukanso magetsi. Magetsi, mankhwala, magetsi, mankhwala: umu ndi momwe ganizo lililonse, kuphethira kulikonse, kumayendera.

Umboni wake unabwera mwa njira yokoma kuimva. Otto Loewi, ku Graz m'dziko la Austria mu 1921, monga momwe iye mwini anafotokozera, analota njira yoyesera, n'kudzuka usiku kukaichita. Anatenga mitima iwiri ya achule ikugundabe, uliwonse m'madzi ake amchere. Anatakasa mtsempha wotchedwa vagus wa mtima woyamba, mtimawo n'kuyamba kugunda pang'onopang'ono. Kenako anatunga madzi a mtima umenewo n'kuthira pa wachiwiri, womwe mtsempha wake sanaukhudze, nawonso unachepetsa kugunda. Magetsi sungawatunge ndi kuwathira. Chomwe chinali m'madzimo chinali mankhwala, omwe pambuyo pake anadziwika kuti ndi acetylcholine, ndipo Loewi ndi Henry Dale analandira mphoto ya Nobel mu 1936. Acetylcholine yemweyo ndi amene amauza minofu ya dzanja langa kuti igwire cholembera pamene ndikukulemberani.

Mankhwala onyamula uthenga alipo ambiri, ena munawamvapo monga dopamine ndi serotonin, koma pa nkhani ya mwana wathu ofunika ndi awiri. Glutamate amauza nyuroni yotsatira kuti, yankhula. GABA amaiuza kuti, khala chete. GABA amatsegula zitseko za mchere wina, kloraidi, wa negativi, ndipo nyuroniyo imavuta kuyaka. Nyuroni imodzi imalandira mawu kuchokera kwa zinzake masauzande, ena akuti yankhula, ena akuti khala chete, ndipo iyo imaphatikiza zonse. Oti yankhula akaposa mpaka kufika pa 55 paja, imayaka. Akalephera, imakhala duu. Anthu ambiri amaganiza kuti ubongo wabwino ndi womwe ukuyaka kwambiri, koma ine ndimaona kuti ntchito yotontholetsa ndi yomwe imasunga munthu. Taonani kafumbata. Poizoni wa kachilombo kake amatsekereza GABA ndi mnzake glycine kuti asatuluke mu mtsempha wa mumsana, minofu n'kusowa woiuza kuti pumula, ndiye nsagwada zimalumana, msana n'kupindika.

Uthenga ukaperekedwa, kampata kaja kamayenera kusesedwa msanga kuti wina ubwere. Mankhwala ena amayamwidwa kubwerera komwe anachokera, ena amaphwanyidwa pomwepo. Mankhwala ena ophera tizilombo a gulu la organophosphate amapha poletsa chophwanya acetylcholine, ndiye uthenga umangobwerezeka osaleka, munthu n'kumatuluka dovu ndi thukuta, minofu ikunjenjemera, mpaka kupuma kuvuta.

Ndiye khunyu n'chiyani? Pa nthawi wamba manyuroni amayankhula ngati khamu la anthu pamalo amodzi, awa zawo, awo zawo, aliyense pa nthawi yake. Mwana akamagwa, gulu la manyuroni layamba kuyaka mofulumira kwambiri komanso pa nthawi imodzi, ngati khamu lonse layamba kufuula mawu amodzi, ndipo otontholetsa alephera kuwagwira. Zikangokhala pa kadera kamodzi, mwina dzanja lokha ndi lomwe limagwedezeka, kapena mwana amangoti tuzu kwa kanthawi osayankha. Zikafalikira mbali zonse ziwiri za ubongo, amakomoka ndipo thupi lonse limagwedezeka, monga mwafotokozera. Timawaya tomwe anamumata m'mutu tija, EEG, sitinkalowetsa magetsi mwa iye ayi, tinkangomvetsera. Njirayi anaiyambitsa ndi Hans Berger wa ku Germany, yemwe anajambula koyamba magetsi a ubongo wa munthu mu 1924. Tulo ndi kufooka komwe mwakuona pambuyo pa kugwa n'kwachibadwa: ubongo wangochoka pa ntchito yoposa muyezo, ndipo umafuna nthawi kuti ubwerere m'malo.

Apa ndikhulupirira mwayamba kuona yankho la funso lanu lachiwiri. Magetsi a m'mutu amadalira zitseko ndi maloko, ndipo zitseko ndi maloko amenewa ndi zinthu zomwe mankhwala amatha kuzigwira. Carbamazepine ndi phenytoin amakakamira pa tizitseko ta sodiyamu tija pamene tili pa kupumula, n'kutitalikitsira kupumulako. Nyuroni yomwe ikuyankhula mwa masiku onse siivutika kwenikweni, chifukwa ili ndi nthawi yokwanira yodikira. Yomwe ikufuna kuthwanima motsatizana mopanda malire ndi yomwe imapeza zitseko zambiri zisanakonzeke, n'kubweza moto. Phenobarbital, yemwe wakhala akugwiritsidwa ntchito pa khunyu kuyambira 1912, amagwira mbali ina: amawonjezera mphamvu ya GABA, kuti mawu oti khala chete amveke kwambiri. Diazepam, yemwe amaperekedwa kugwa kukatalika, nayenso amathandizira GABA. N'chifukwa chake mankhwala a gulu limeneli amatha kubweretsa tulo, makamaka masiku oyamba. Ngakhale jekeseni wa dokotala wa mano yemwe amachititsa dzanzi nkhama amagwira ntchito mofananamo: lidocaine amatseka zitseko za sodiyamu pamalopo, dzino likuzulidwa koma uthenga wa ululu osanyamuka.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikupemphani ndi mtima wonse, inu ndi alamu. Mankhwalawa sakhala pa zitsekozo mpaka kalekale. Chiwindi ndi impso zimawachotsa m'magazi pang'onopang'ono tsiku lililonse, ndiye piritsi la lero likulowa m'malo mwa lomwe latha. Mwana akatha miyezi osagwa, mtima wa kholo umati wachira, tisiye. Koma kusagwako nthawi zambiri ndi umboni woti mankhwala akugwira, ndipo kuwasiya mwadzidzidzi kungabweretse kugwa koopsa kuposa koyamba, chifukwa ubongo unali utazolowera thandizolo. Nthawi yochepetsa kapena kusiya ikadzakwana, adokotala adzatsitsa pang'onopang'ono. Mukaona zidzolo pakhungu, kapena tulo topitirira muyezo, bwererani kwa iwo msanga m'malo mosiya nokha. Muonetsetsenso kuti akugona mokwanira, poti kusowa tulo ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika zomwe zimautsa kugwa.

Zikachitikanso, mugonekeni cham'mbali, chotsani zomwe zingamupweteke, muikireni chofewa kumutu, ndipo musamuike kanthu m'kamwa kapena kumupanikiza kuti aleke kugwedezeka. Yang'anani wotchi. Zikapitirira mphindi 5, kapena akagwanso asanatsitsimuke, thamangirani kuchipatala. Azibale ake ndi anzake auzeni kuti asaope kumugwira: zomwe zikuchitika ndi mchere kudutsa pa tizitseko mkati mwa mutu wake, palibe choti chingachoke mwa iye kulowa mwa wina, ngakhale kudzera m'malovu.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 50 miliyoni ali ndi khunyu, ndipo mpaka 70 pa 100 alionse angathe kukhala osagwa atapezedwa bwino ndi kulandira mankhwala oyenera. Ana ambiri amaphunzira, kusewera ndi kukula monga anzawo, ndipo pali mitundu ina ya khunyu la ana yomwe imatha yokha akamakula. Mtundu womwe mwana wathu ali nawo adziwa ndi omwe anaona zotsatira za EEG, choncho mukapitanso muwafunse dzina lake lenileni, mulilembe papepala.

Mukandiyankha mundiuze dzina la mankhwala omwe amupatsa ndi momwe akumvera akamwa, kuti ndikufotokozereni chitseko chomwe akugwira. Mtsikana wathu mumuuze kuti amalume ake akufuna awajambulire mtengo wa nthambi zambiri ndi muzu umodzi wautali, ndipo ine ndidzamutumizira chithunzi cha nyuroni chomwe Cajal anajambula, aone ngati zikufanana. Moni wanga kwa alamu ndi ana onse.

Ndatha ine,
Mnzanu wa kalekale